A Tadeyu ndi Dengu la Mabwato Onse

Lero m'tchalitchi atchula dzina la agogo a Tadeyu pakati pa mayina a amene anatisiya, chifukwa patha chaka. Wowerenga analitchula mothamanga n'kudumphira pa dzina lina. Ndinatchera khutu kuti mwina wina ausa moyo, koma maganizo a anthu anali pa mwera umene watsekereza asodzi kumtunda sabata yonseyi. Ndiye ndati ndiwalembe m'buku langa lino ndisanayambe kuiwala kayankhulidwe kawo.

Sanali agogo anga enieni. Nyumba yathu ndi yawo zangoyang'anana kuno ku Chiwanga, msewu wopita ku Metangula uli pakati. Ankakhala ndi mlongo wawo, a Lute, amene ankawaphikira ndi kukangana nawo tsiku ndi tsiku. Akazi awo anamwalirira ku Malawi, nthawi imene anthu a kuno anathawirako nkhondo, ndipo manda awo anatsala komweko. Mwana anali naye mmodzi yekha, a Zakariya, amene amakhala ku Maputo. Ntchito yawo ndi yolemba mapulogalamu a kompyuta.

Akuluakulu amawakumbukira agogowa monga mwini khoka. Ena amawakumbukira monga wowerenga mawu m'tchalitchi, uja wosalola kuti mwana alire iwo ali pakati pa ndime. Ine ndimawakumbukira monga mnzanga wa sukulu. Ankanditcha kolega. Anali atapitirira zaka makumi asanu ndi awiri pamene ine ndi iwo tinayamba kuphunzira chiyankhulo cha kompyuta chotchedwa Python, tonse awiri osadziwa kanthu.

Asanagwire kompyuta ankasamba m'manja ndi sopo ngati akupita kukadya. Ankavala jekete ngakhale m'mwezi wa Okutobala pamene mchenga umaotcha mapazi, chifukwa ankati munthu sapita kusukulu ndi malaya a kunyanja. Ankalemba ndi chala chimodzi, chapakati, popeza chamkombaphala chinapindika kalekale ndi chingwe. Makina akakana zimene talemba amatulutsa mizere yofiira ya Chingerezi, ndipo agogo ankaiwerenga yonse mokweza, pang'onopang'ono, ndi mawu omwe aja a kuguwa. A Lute akamva ali kuseri ankayankha kuti ameni.

A Zakariya ndawaona ndi maso kawiri kokha. Kachiwiri linali tsiku lotsatira maliro. Anatsika shapa, minibasi ya ku Lichinga, fumbi lili m'tsitsi, manda atakwiriridwa kale, anthu akubweza mabenchi kutchalitchi. Koyamba n'kuti atabwera pa feriya, tchuthi cha kuntchito, ndipo pochoka anasiyira bambo awo kompyuta yakale ya m'manja kuti azionerapo zithunzi za mdzukulu.

Pa feriya imeneyo m'pamene panachitika kanthu kamene agogo anandifotokozera kangapo. Akuti anafunsa mwana wawo kuti, kodi ukafika kuntchito m'mawa, manja ako amagwira chiyani? A Zakariya anaseka n'kuyankha kuti, "Papa, n'zovuta kufotokoza. Simungamve." Sananene monyoza. Koma mawuwo anakhala mwa agogo ngati munga wa nsomba pakhosi.

A Lute amati agogowo analinso ndi gawo lawo. Amati anali bambo wouma. Atabwerera kuchokera ku Malawi anatumiza mwanayo kwa abale a mayi ake ku Lichinga kuti akaphunzire, ndipo tsiku lonyamuka mwanayo akulira pagalimoto, iwo anatembenuka n'kukasoka ukonde. Kuchokera pamenepo mwana anakulira m'manja mwa ena, ku Lichinga, kenaka ku Nampula, kenaka ku Maputo. Foni zitabwera ankaimba ndithu, mwezi ukatha. Koma nkhani zake zinali zimodzimodzi: mwadzuka bwanji, miyendo ili bwanji, mvula yafika, moni kwa azakhali. Foni inkatha tiyi asanazizire. Agogo ankati mwana wawo amamudziwa moni wokha. Ankatinso ukalamba si kupweteka kwa mawondo ayi, koma kukhala tsiku lonse popanda wokufunsa kanthu.

Tsiku lina agogo anandiitana ndikutsuka mbale. Anali atamva kuti ku sekondale ku Metangula, kumene n'kuti ndili mu desima, chaka cha khumi cha sukulu, timaphunzirako za makompyuta.

"Luwiza, iwe maso ako ndi abwino, ine nthawi ndili nayo. Tiye tikaone kumene Zakariya amagwira ntchito."

Ndinaganiza kuti akunena za ulendo wa ku Maputo. Iwo ankanena za m'kati mwa kompyuta. Anali atakakamiza kale a Zakariya kuti aikemo chiyankhulocho ndi buku lake la Chipwitikizi. A Zakariya anavomera akuseka, poganiza kuti sabata sitha asanatope.

Tinkaphunzirira m'kanyumba ka m'mbali mwa msewu kamene kale kanali baraka yawo yogulitsiramo zinthu, chifukwa kali pamalo okwera ndipo netiweki imagwira. Miyezi yoyamba tinaphunzira kuuza makina kuti alembe moni, kuwerengetsa manambala, ndi kusunga zinthu m'ndandanda. Ndandanda wotere agogo ankamutcha dengu, poti umaponyamo chinthu n'kudzachipezamo. Kenaka tinafika pamutu wa makalasi ndi zinthu, ndipo pamenepo tinatitimira ngati galimoto mumchenga.

Buku linkapereka zitsanzo za magalimoto ndi za kubanki. Agogo anakana. Anati galimoto alibe, ndipo kubanki sanalowepo atavala nsapato zabwino. Tichita za mabwato. Ndinalemba *class Bwato* n'kunena kuti bwato lathu ndi limeneli.

"Kwera ndikuone," anatero.

"Agogo, ndi la m'kompyuta."

"Ngakhale m'kompyutamo sungakwere. Werenganso. Ilo si bwato. Ndi zimene zili m'mutu mwa mmisiri asanagwetse mtengo: likhala ndi dzina, likhala ndi nkhafi, liziyandama. Bwato lenileni ndi lija wasema, lili ndi mwini wake ndi pobowoka pake."

Tinakangana masiku angapo, ine ndikuti buku silikunena choncho, iwo akuti buku likunena choncho koma mozungulira. Anali olondola. Kalasi ili ngati chikombole, zinthu ndi njerwa zotulukamo. Kuchokera mu kalasi imodziyo tinasema mabwato atatu, ndipo anawapatsa mayina a mabwato amene ankawadziwa ali mnyamata: Tiyesenso, Chisomo ndi Pepani. Eni ake onse anamwalira kale, ndipo agogo akamalemba mayinawo ankayamba anena mwini wake anali ndani, ankadumpha bwanji mafunde, anakwatira kuti.

M'kalasi muli kachigawo kamene kamagwira ntchito chinthu chatsopano chikangobadwa, n'kuchipatsa dzina ndi zake zonse. Dzina lake n'lovuta kutchula, choncho agogo ankangoti ubatizo. Mulinso mawu akuti *self* amene amalembedwa paliponse, kusonyeza kuti ichi n'cha bwato lino, osati linzake. A Zakariya anatiuza kuti makina salabadira ngakhale titaikapo mawu athu, kungoti anzawo a kuntchito angatiseke. Agogo anaikapo *mwini*. Koma sanawakonde mawuwo. Mwini dzina, mwini nkhafi, mwini uku, mwini uko. Ankati chiyankhulo ichi anachipanga anthu oumira manja.

Cholakwa chimene chinadzasintha zonse tinachichita tonse. Dengu la nsomba tinaliika pamwamba, m'chikombole mwenimwenimo, m'malo moliika mu ubatizo. Tinauza Tiyesenso kuti agwire utaka. Titasuzumira m'dengu la Pepani, amene sanachoke n'komwe pagombe, tinapezamo utaka womwewo. Mwa Chisomo namonso unalimo. Ine ndinada nkhawa kuti taononga chinachake. Agogo anayang'anitsitsa, kenaka anaseka mpaka kutsokomola.

"Kolega, makina awa akuidziwa Chiwanga yakale."

Anandifotokozera za khoka. Linkakokedwa ndi mudzi wonse, magulu awiri pa zingwe ziwiri. Aliyense wogwirako chingwe ankalandira za ndiwo, kaya ndi mlendo wodutsa, kaya ndi mayi wamasiye amene wangoikapo dzanja osakoka n'komwe. Bwato lobwera lopanda kanthu mwini wake sankapita kwawo chimanjamanja. Ankati chingwe sichidziwa mwini khoka. Nkhani imeneyi ndi imene inkawayambanitsa ndi anyamata a ukonde wa chilimira, amene usipa wawo amaugulitsa kwa ogula usanatsike n'komwe m'boti. Ankawaimitsa panjira n'kuwauza kuti makolo awo anakula ndi nsomba za eni, ndipo anyamatawo ankawayankha kuti petulo sagulidwa ndi chifundo. Ena ankawazemba akawaona patali.

Lamulungu lotsatira, titaweruka kutchalitchi, anaimbira a Zakariya foni ya zithunzi kuti awaonetse. Ine ndinagwira foni.

"Papa, imeneyo ndi eru, mwalakwitsa," anatero a Zakariya atangoyang'ana. "Ongoyamba onse amagwa pomwepo. Dengu mwaliika m'kalasi, ndiye ndi limodzi la mabwato onse. Litsitseni, likhale la mwini."

"Walakwa ndani? Ine, kapena amene akufuna kuti Pepani agone ndi njala?"

"Si nkhani ya njala, papa. Ine nditachita zimenezo kuntchito, katundu wa munthu mmodzi angaoneke kwa anthu onse. Angandichotse ntchito tsiku lomwelo."

"Kuno suli kuntchito. Uli pagombe."

"Ngakhale pagombe, bwato lililonse lili ndi nsomba zake."

"Wayamba liti kudziwa za pagombe iwe?"

Ndinaopa kuti foni iduka pamenepo. Koma a Zakariya anati akukumbuka ku Nkhotakota, ali kamwana, atagwira kumapeto kwa chingwe osakoka, munthu wina n'kuwathira nsomba m'malaya. Anathamanga nazo kunyumba atakumbatira mimba, ndipo mayi awo anawakwapula chifukwa malayawo anali a kutchalitchi.

"Umakumbuka zimenezo?" anafunsa agogo.

"Ndimakumbuka. Anali abuluwu."

"Anali obiriwira. Ndinagula ndine."

Anakangana za malayawo, kenaka za dzina la munthu wothira nsombayo, kenaka za mtengo umene uli pafupi ndi manda a mayi. Anabwerera ku dengu, n'kuchokakonso. Dzanja langa linalema ndipo ndinasintha lina. Anayankhula mpaka foni inatentha n'kuzima yokha. A Lute anaima pakhomo n'kufunsa kuti, kodi lero mwana wanu wadya chiyani? Agogo anakhala atagwira foni yozimayo ndi manja awiri.

Pasanathe masiku ndinawapeza atatsegula kale kompyuta. Anandiuza kuti ndikhale pansi ndione. Anafufuta dengu pamwamba paja, n'kulilemba mu ubatizo, kutsogolo kwake atayamba ndi mwini. Anandifotokozera kuti choikidwa m'chikombole n'cha onse, koma choperekedwa pa ubatizo n'cha wobatizidwayo yekha. Anayendetsa pulogalamu. Utaka unali mwa Tiyesenso yekha. Kenaka, ine ndikuona, anabweza dengu lija pamwamba pomwe linali.

"Agogo, bwanji mwaononganso?"

"Kolega, Lamulungu lili pafupi."

Sanandiuze kuti ndiname. Ntchito yanga inali yogwira foni basi. Lamulungu limenelo anafunsanso funso lomwe lija, ndipo a Zakariya anafotokozanso, ulendo uno ndi chitsanzo cha matumba a buluku. Lamulungu lina anafotokoza ndi nkhuku ndi mazira ake. Agogo ankagwedeza mutu n'kunena kuti, bwereza pamenepo, wathamanga. Pakati pa kufotokozako nkhani zinkalowa zokha. Anamva kuti mdzukulu wayamba kuyenda. Anamva kuti a Zakariya amagwira ntchito m'nyumba ya pamwamba imene mawindo ake satseguka. Anamvanso kuti ku Lichinga kuja mwana wawo ankagona ndi njala masiku ena koma sankanena. Tsiku limenelo agogo sanadye.

Masabata amenewo ndi amene ndinawaona ali osangalala. Loweruka ankameta ndevu n'kupita okha kukagula mamega a intaneti. Anasiya kuimitsa anyamata a chilimira.

A Lute anazindikira popanda wowauza. Ndinawamva akukangana kuseri.

"Wowerenga mawu m'tchalitchi, kunamiza mwana wake."

"Sindinaname. Ndikungofunsa."

"Mukufunsa njira ya kwanu. Nyambo imeneyo, achimwene, nsomba idzaona mbedza."

"Iwe yang'ana chinangwa chako."

Koma a Zakariya sanaone mbedza. Anaona china. Anaimbira a Lute paokha n'kufunsa ngati bambo awo ayamba kuiwala pomwe aika zinthu, ngati amadziwa njira yobwerera kunyumba, ngati pangafunike kupita nawo kuchipatala ku Lichinga. Lamulungu lotsatira mawu awo anali atasintha. Ankayankhula pang'onopang'ono ndi mokweza, monga timachitira ndi wodwala.

"Papa, za makompyutazi zisiyeni. Zikukutopetsani mutu. Muzipuma, muzidya bwino."

"Koma dengu lija…"

"Lisiyeni, papa. Si kanthu. Moni kwa azakhali."

Foni inabwerera kukhala yaifupi monga kale, koma tsopano inali ndi chifundo m'kati mwake, ndipo chifundocho n'chimene chinawapweteka kwambiri. Sanamvetse chimene chachitika mpaka a Lute anawaponyera pakati pa mkangano wina wa mchere. Anati, mwana wanu akuti mutu wanu wayamba kutha. Agogo sanayankhulane ndi a Lute kwa masiku. Ndikadutsa pochokera kusukulu ndinkawaona m'baraka muja atavala jekete, kompyuta ili yotseka, akuyang'ana njinga zodutsa. Ndikapereka moni ankayankha kuti, pita, kolega, lero kulibe sukulu.

Ndikuganiza kuti ankayeza zinthu ziwiri. Akakonza dengu, nkhani yatha, ndipo mwana alibenso chofotokoza. Akalisiya, mwana aziwatenga ngati munthu amene nzeru zathawa, ndipo sadzakangana nawonso mpaka imfa.

Tsiku limene anasankha linali Lamulungu lotentha, msewu uli zii. Anandiitana okha. Anandiuza kuti ndigwire foni moti ione kompyuta pamodzi ndi manja awo. A Zakariya atayamba moni wawo wa odwala uja, agogo anawadula.

"Zakariya, usayankhule. Yang'ana."

Anafufuta dengu pamwamba. Anatsika ndi chala chawo chimodzi chija kufunafuna ubatizo. Chilembo chimodzi chinkatuluka kawiri, n'kufufuta, n'kuyambanso. Atayendetsa, panatuluka mizere yofiira. Ine ndinaona pomwepo kuti mzere watsopanowo sunalowe m'kati mofanana ndi anzake. M'chiyankhulo chimenechi mpata wa kumayambiriro kwa mzere uli ndi ntchito. Ndinatsegula pakamwa, koma agogo anapukusa mutu osandiyang'ana. A Zakariya nawonso anayamba kuti, papa, musadandaule, ndipo agogo anakweza dzanja. Anayandikiza nkhope pa galasi. Thukuta linkatsika kulowa m'kolala ya jekete. Anawerenga mizere yofiirayo chamumtima, milomo yokha ikugwedezeka. Nthawi inapita. Kenaka anakankha mzere uja kuti ulingane ndi anzake, n'kuyendetsanso.

Tiyesenso anali ndi utaka. Chisomo analibe kanthu. Pepani analibe kanthu.

Anafotokoza chifukwa chake monga anandifotokozera ine, osaphonya, n'kuonjezapo kuti pali zinthu zoyenera kukhala pamwamba paja, monga dzina la gombe limene mabwato onse amakocheza, koma nsomba si m'gulu limenelo.

"Mwazimva liti zimenezi?" anafunsa a Zakariya.

"Kalekale."

"Ndiye masabata onse aja…"

Agogo anayang'ana kumsewu. A Lute anali pakhomo ndi lichero, ndipo anayankha ndi iwo, osakweza mawu.

"Iwe Zakariya, akanakonza tsiku lomwe lija, ukanaimbanso? Mukanakamba za chiyani, za mvula? Bambo ako analibe nyambo ina."

"Lute, bwerera ku mbaula."

"Ndabwerera."

Nkhope ya a Zakariya inaima pa foni moti ndinaganiza kuti netiweki yathawa. Koma kumbuyo kwawo nsalu ya pawindo inkagwedezeka. Anapukuta m'maso ndi chikhatho, kenaka anayankhula ndi mawu awo akale aja, othamanga, a munthu wokonzeka kukangana.

"Papa, mabwato awiriwo alibe kanthu. Mwakondwa nazo?"

"Ayi."

"Ndiye ntchito yanu ndi iyi. Dengu likhale la mwini. Koma bwato lili ndi zochita zake, monga munalembera kuti ligwire nsomba. Mulembe chochita china, choti bwato ligawire linzake. Ine sindikuuzani njira. Ndidzafunsa."

"Udzafunsa liti?"

"Lamulungu."

Ndikanakonda kulemba kuti kuyambira pamenepo ankaimba Lamulungu lililonse. Sizinali choncho. Ankaimba kawirikawiri kuposa kale, ndipo akaimba ankatenga nthawi. Koma panali Malamulungu ena amene kunkangobwera uthenga woti ntchito yachuluka kapena mwana wadwala. Masiku amenewo agogo ankakhalabe m'baraka mpaka mthunzi utawoloka msewu, kenaka ankati, pulonto, basi, kolega, tseka. Sankadandaula. Kupita ku Maputo ankakana ndithu, ngakhale anaitanidwa kangapo. Ankati kumeneko angakakhale katundu woikidwa pakona.

Chochita chija anachitcha *gawira*, ndipo chinativuta kuposa mmene tinkaganizira. Poyamba nsomba inkafika kwa wolandira koma osachoka kwa wopereka, moti utaka unkangochuluka wokha. A Lute anati tsopano mwayamba zozizwitsa. Kenaka Tiyesenso ankapereka zonse n'kutsala wopanda kanthu, ndipo agogo anati kumeneko si kugawa, n'kupusa. Anakananso maganizo anga oti bwato losowa lizipempha. Pagombe la kale, anati, munthu sankapempha. Wokhala nazo ndiye ankasuzumira m'dengu la mnzake. Choncho tinalemba kuti bwato liyambe layang'ana ngati dengu la linzake lili lopanda kanthu, likatero lichotse nsomba m'lake n'kuika m'menemo, koma lisiye zina za kunyumba kwake.

Chinayenda bwino mwera utayamba kale, agogo ali ndi chifuwa. Lamulungu limenelo a Zakariya anaimba, koma agogo anali pamphasa, thupi likutentha, ndipo nkhani inali ya mankhwala yokhayokha. Pomaliza agogo anati, ntchito ija ndamaliza, ndikuonetsa Lamulungu likubwerali. Anamwalira pakati pa sabata, m'mawa, a Lute akuwaphikira phala.

A Zakariya atachokera kumanda anandifunsa ngati ndine kolega uja. Ndinawatsegulira kompyuta. Anawerenga mizere yonse kuyambira pamwamba, n'kuyendetsa okha. Chisomo ndi Pepani analandira utaka. Anayendetsanso kangapo ngakhale yankho silinkasintha. Kenaka anati pali pena pamene pakanalembedwa mwachidule, n'kuyamba kundionetsa, koma analekera pakati n'kuchotsa manja. Pochoka anauza a Lute kuti kompyutayo itsale ndi ine.

Tsopano amaimba Lamulungu lililonse, ndipo chaka chonsechi sanadumphepo. Amayamba ndi azakhali awo, kenaka ine ndi maphunziro. Tafika pa mmene kalasi imodzi imatengera zochita za inzake, monga boti la injini litengera zonse za bwato n'kuonjezapo zake. Ndikulimbikira, ndipo ndikukhulupirira kuti ndidzafika patali nazo. Koma nthawi zina a Zakariya akamafotokoza ndimaona kuti akudikira wina woti awatsutse, ndipo ine ndimangoti ndamva.

Lero tisanayambe anandipempha kuti nditembenuze foni, aone m'baraka. Ndinatembenuza pang'onopang'ono. Chitseko anachichotsa n'kukachiika kukhitchini kwa a Lute. Tebulo linapita kwa wachibale wawo wina, ndipo pansi patsala timaenje tinayi ta miyendo yake m'dothi. M'nyengo ya usipa wogula wina amasungiramo matumba, choncho fungo lake lalowa m'makoma, ndipo m'makona muli mamba ouma amene mphepo imawasuntha. Waya wa magetsi a dzuwa ukulendewera kuchokera kudenga, kumapeto kwake kulibe kanthu. Mavu amanga nyumba pamwamba pa windo. Lata limodzi labowoka, ndipo masana kadontho ka dzuwa kamagwa pansi n'kumayenda pang'onopang'ono kulowera kukhoma. Mpando mulibe. Ndimakhala pa njerwa, kompyuta ili pamiyendo. Foni ikalira m'menemo imamveka kwambiri, mpaka odutsa pa njinga amacheuka kuti aone amene akuimbiridwa.